Chingwe Choyezera Miyendo ya Ambuya

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene ndinkadziyesa wodziwa zinthu kuposa aliyense m'komboni yathu yonse ya Bwacha, ku Kabwe. Umboni wanga unali wakuti ndinkawerenga chilichonse chokhala ndi malemba: zikwangwani za maminibasi, matumba a feteleza, ngakhale mapepala okulungira vitumbuwa, mafuta ali noninoni. Anzanga ankanditcha Pulofesa. Ine posadziwa kuti akundiseka, ndinkavomera.

Atate anali owotcherera zitsulo. Mgodi wa ku Kabwe umene ankagwirako ntchito utatsekedwa, anayamba kugwira ntchito kuseri kwa nyumba yathu, kupanga mageti, mbaula ndi mafelemu a mawindo. Chaka chimenecho thirakitala inatikokera pabwalo chigalimoto chakale cha m'tchire, chija chokoka ndi mawilo onse anayi. Chinali cha Ambuya, amayi awo a amayi anga, amene ankakhala ku Nakoli, komboni ina ya m'tauni yomweyo.

Ambuya anali munthu wamfupi, wa ku Petauke, wamalonda a nshawa ndi chimanga. Anaphunzira kuyendetsa galimoto pamene maso a amuna awo anayamba kuchita khungu, ndipo kwa zaka zingapo ndiwo ankagwira chiwongolero, amuna awo ali pambali kuwauza njira imene sankaiona. Amunawo atamwalira, galimoto inakhala pansi pa mtengo mpaka nkhuku zinaikiramo mazira. Akuba anatenga chiwongolero ndi mipando, dzimbiri linadya pansi popondapo. Tsopano Ambuya anafuna kubwerera ku malonda awo, kukagula mbewu kumidzi kumene maminibasi safika.

Injini Atate anaidzutsa m'milungu iwiri. Vuto linali m'kati, m'mene munalibe kanthu. Anapeza chiwongolero cha minibasi yakufa, mpando wa lole, ndi zopondera zitatu, kilatchi, buleki ndi chopondera moto, zochokera m'kagalimoto kena. Panalibe chimodzi chimene chinabadwira m'galimoto imeneyi, choncho chilichonse chinafunika kupangiridwa malo ake. Ine ndinkazungulira zitsulozo ndi mafunso osatha. Bwanji kilatchi ili kumanzere? Ndani analamula? Nanga chiwongolero chikapendekeka kwambiri chimatani? Atate ankayankha funso limodzi pa mafunso anayi alionse.

Tsiku lina anaima n'kumayang'ana m'kati mopanda kanthumo, choko chili kukhutu.

"Manje apa pafunika mwine wa motoka," anatero. "Mpando uyu njanji zake zinafa, nizaumanga pamalo amodzi. Nifunika kudziwa mwendo wao ufika pati, dzanja lifika pati."

Pamenepo ndi pamene panali nkhani. Atate ndi Ambuya anali apongozi, ndipo ankaopana monga momwe a kwathu kum'mawa amachitira. Sankakhala pamphasa imodzi, sankadyera pamodzi, sankayang'anana m'maso. Akakumana m'njira, mmodzi ankapatuka. Kuti Atate agwade ndi tepi n'kuyeza mwendo wa apongozi awo, imeneyo inali nkhani yoti ikanakafika ku Petauke galimoto isanafike. Amayi akanatha kuyeza, koma anali kumudzi kodwazika mng'ono wawo. Wotsala ndinali ine, mdzukulu, amene mwambo womwewo unkandilola kuseka ndi Ambuya, mpaka iwo kumanditcha mwamuna wawo.

Atate sanandipatse tepi. Anadula zingwe ziwiri za thonje, china anachidetsa nsonga ndi girisi kuti ndisazisokoneze.

"Akhale pampando, msana ku chipupa. Ichi, kuchoka ku chipupa kufika ku chidendene, bondo lopindako pang'ono. Ichi chakuda, kufika pa chikhatho. Pamene chafika, manga mfundo. Wamva? Mfundo chabe. Osati maganizo yako."

Ku Nakoli ndinapeza Ambuya akusankha nshawa m'lichero. Atamva chimene ndabwerera, anaseka mpaka lichero linapendekeka.

"Bwera, mwamuna wanga, pima mkazi wako. Koma ukanigirigisha, ukwati watha lero."

Ndinayeza mosamala, kawiri konse, n'kumanga mfundo zolimba. Mpaka pamenepo ndinali mwana wabwino.

Koma kunyumba, pansi pa matiresi, ndinali ndi chuma changa: buku la Chingerezi la zamagalimoto, lopanda chikuto, limene ndinapempha kwa mayi wa vitumbuwa asanalimalize masamba. Patsamba lina panali chithunzi cha munthu atakhala pampando woyendetsera, mizere ndi manambala zikusonyeza kutalika kuchoka pamsana kufika pa zopondera. Ndisanapereke zingwe kwa Atate, ndinafuna kungoona ngati Ambuya akugwirizana ndi bukulo. Ndinatenga lula ya kusukulu n'kuyeza chingwe cha mwendo. Chinapelewera. Osati pang'ono: chikhatho chathunthu ndi zala ziwiri.

Ndinakhala pabedi n'kuganiza ngati munthu wophunzira. Kumbali ino kunali buku losindikizidwa, lolembedwa ndi akatswiri. Kumbali inayo kunali kachingwe ka thonje ndi nkhalamba imene inkaseka poyezedwa. Wolakwa angakhale ndani? Ndinamasula mfundo ija ndi mano, n'kuimanga pamene buku linanena. Chingwe cha dzanja sindinachikhudze, osati chifukwa cha ulemu, koma chifukwa nambala yake inapita ndi chitumbuwa cha munthu wina.

Atate anatambasula chingwecho, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Yotamu, ambuya ako miyendo yao ni itali so?"

"Chitenje chimabisa, Atate," ndinayankha.

Anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. Akanatsutsa bwanji? Kutsutsa kukanatanthauza kuti anayang'anapo.

Mlungu wotsatirawo unali wokoma kwambiri pa ubwana wanga wonse. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kuseri. Atate anayala chitsulo chatsopano pansi, naboola mabowo anayi, namanga mpando ndi mabawuti. Kuchoka pamsana wa mpando anakoka chingwe chakuda, pamfundo pake n'kuimika chiwongolero, ine nditagwira mtengo wake kuti usagwedezeke pamene ankawotcherera chogwiriziza. Ankandiuza kuti nditseke maso, koma kuwala kobiriwirako kunkalowabe m'zikope, ndipo fungo la chitsulo chopsa linkatsala m'malaya. Kenaka anakoka chingwe cha mwendo, chija cha ine ndi buku langa, nalemba ndi choko pamene zopondera zidzakhale. Anaziwotcherera mwamphamvu, mizere iwiri. Kuitana Ambuya kuti adzayese ntchito isanathe sakanatha. Apongozi suwaonetsa chinthu chosatha.

Loweruka m'mawa Ambuya anafika pa minibasi, atavala nsapato zansalu, duku atamanga zolimba. Atate anawalonjera ali patali, atanjuta, akuomba m'manja. Tinakankhira galimoto pabwalo la kuseri kumene anyamata ankasewera mpira. Pamene Ambuya ankakwera, Atate anapita kukaima pansi pa mtengo wa mango, nkhope ataloza kwina. Ine ndinakwera mbali inayo, n'kukhala pa kireti chifukwa mpando wachiwiri unali usanamangidwe.

Manja a Ambuya anagwera pachiwongolero ngati anachisiya dzulo. Kenaka anatambasula mwendo. Ndinaona nsonga ya nsapato ikufunafuna buleki, n'kuikhudza ndi zala zokha. Anasendera kutsogolo, koma chiwongolero chinawatsekera pachifuwa. Anabwerera m'mbuyo.

"Funsa ngati vili bwino," Atate anaitana ali kumtengo.

"Uwauze apongozi zikomo," Ambuya anatero. "Vili bwino maningi."

Ndinaona kuti sizili bwino, koma ndinadzilimbitsa mtima. Mwina umu ndi momwe akatswiri amakhalira.

Injini inalira. Ambuya anadzipotokola kuti akanikize kilatchi, giya inalowa mokukuta, ndipo tinayamba kuyenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo. Kumapeto kwake kunali mulu wa mchenga wa aneba amene ankamanga nyumba. Ambuya anaponda buleki. Galimoto inachepetsako liwiro, koma sinaime. Anapondanso, mwendo uli njo, zala za kuphazi zikunjenjemera. Mchenga unkabwerabe. Tinaugunda mofewa, bu! Ine ndinagwa pakireti, injini n'kuzima.

Palibe anavulala. Ana amene ankatithamangira anaseka, koma Ambuya sanaseke. Manja ali pachiwongolero, ankangoyang'ana mchengawo. Kenaka anazula kiyi n'kundipatsa.

"Kawapatse apongozi. Uwauze motoka ilibe mlandu. Mwendo wanga ndiye wakalamba, waiwala nchito. Afune mnyamata aziyendetsa, olo aigulitse. Ine nabwerera ku lichero."

Ndinayenda ndi kiyi kupita kumtengo wa mango. Atate anali atathamanga theka la bwalo n'kuima, posadziwa ngati n'koyenera kufika pafupi. Nditawauza, anapukusa mutu.

"Iyayi. Kawauze napepesa. Ni mabuleki, sininamange bwino. Ni ine."

Ndinabwerera. Ambuya anakana kulandira kiyi.

"Apongozi ni amisiri, salakwa. Asanibisile ukalamba wanga."

Ndinanyamukanso, kiyi ili m'manja. Ndinkadziwa kuti Atate akhoza kumasula mabuleki onse osapeza cholakwa, chifukwa analibe cholakwa. Ndipo akalephera kupeza, mawu a Ambuya ndiwo adzaoneke oona. Mayi amene anadikira zaka kuti agwirenso chiwongolero adzabwerera ku Nakoli pa minibasi, akukhulupirira kuti thupi lake lamukana. Zonsezi chifukwa cha mfundo imodzi imene ankaidziwa ndi ine ndekha.

Ndinaima pakati pa awiriwo. Sindinadziwe woyamba kumuuza, choncho ndinangofuula kuti onse amve.

"Ni ine! Ninasuntha mfundo! Buku inakamba kuti mwendo ufunika kutalika!"

Atate anabwera pang'onopang'ono, ndipo ine ndinayamba kuwerengera m'mtima kuti lamba wawo ali ndi mabowo angati.

"Buku iti?"

Ndinathamanga kukalitenga. Anayang'ana chithunzi chija, nachitembenuza, nachiyang'ananso.

"Uyu muntu wa mu buku, ndiye azayenda kukagula nshawa?"

"Iyayi, Atate."

"Umudziwa? Unamupimako?"

"Iyayi, Atate."

Kugalimoto kunamveka phokoso ngati munthu akutsamwa. Anali Ambuya. Anali atagwetsa mutu pachiwongolero, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Mwamuna wanga uyu! Miyendo yanga siimukondweretsa, wanifunira ya mzungu wa pa pepala! Bwera kuno, Pulofesa. Bweretsa kiyi yanga."

Lamba sanatuluke tsiku limenelo. Chilango chinali china. Ambuya anakhalabe pampando, Atate anapita kuseri kwa galimoto, ndipo ine ndinagwada ndi choko n'kulemba pansi pamene chidendene cha Ambuya chinafikadi. Kenaka Atate anandipatsa sowo yodulira zitsulo, kuti ndidule ndekha zimene anawotcherera mizere iwiri zija. Anali ndi makina oti akanadula m'kanthawi kochepa, koma anati magetsi ndi a anthu omvera. Ndinadula masana atatu. Matuza anatuluka m'manja, anaphulika, ena n'kumera pamwamba pake, ndipo cholembera kusukulu ndinkachigwira ngati khasu.

Loweruka linalo Ambuya anayesanso. Anathamangitsa galimoto molunjika mulu wa mchenga uja, mwadala, n'kuima patatsala phazi limodzi. Anayendetsa galimotoyo zaka zambiri pambuyo pake, m'matope ndi m'fumbi, mpaka maondo anadzawakanadi, pa nthawi yake.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti phunziro la tsikulo linali lakuti buku limanama. Koma silinaname, munthu wa pachithunzi uja ayenera kuti analipo kwinakwake, ndi miyendo yakeyo. Kuwerenga sindinasiye, ndipo mkazi wanga angachitire umboni kuti matenda ofuna kukonza anthu kuti afanane ndi zimene ndawerenga sanathe onse. Chimene ndimachiona tsopano, ndili wamkulu, ndi anthu awiri aja ali motalikirana pabwalo lija, aliyense akulimbirana kusenza mlandu umene sunali wake kuti mnzake asachite manyazi. Ulemu wotere ndi wokongola, koma ulibe maso akeake. Umayenda ndi maso a amene watumidwa pakati. Ambuya anatsala pang'ono kutaya chiwongolero chawo, osati chifukwa cha ukalamba kapena mabuleki, koma chifukwa mthenga anaganiza kuti uthenga ndi waufupi, nauwonjezera. Lero munthu akandituma, ndimakatula zimene wandipatsa momwe zilili, ngakhale ndione kuti zikupelewera chikhatho ndi zala ziwiri. Maganizo anga ndimanena pambuyo pake, ndipo ndimayamba ndanena kuti ndi anga.