Wopanga Nkhope za Mizukwa

Inu amene mwadzuka mtima uli pansi, sendezani mpando. Ndikuuzeni za mayi wina amene anathawidwa ndi mwana wake wobereka yekha.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala sanapite kunyumba, poti nyumbayo inali phulusa. Sitovu ya palafini inaphulika m'chipinda chawo cha lendi. Mwamuna wake anatsalira momwemo. Iye anatuluka atakulunga mwana wawo wamkazi m'bulangete, mwanayo osapsa ngakhale tsitsi. Koma mayiyo moto unamudya mbali yakumanzere ya nkhope. Tsaya linakwinyika ngati pulasitiki yogwera pamakala, diso linakokedwera pansi, khutu kunangotsala kachidutswa.

Analunjika kwa mlamu wake, mlongo wa malemuyo, amene ankasunga mwanayo. Anamupeza mwana pakhonde akusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Mayiyo anagwada, natambasula manja.

"Kanjiwa kanga, bwera kwa amayi."

Mwana anadzutsa mutu. Anakuwa mpaka agalu a m'mipanda anayankha, nathawira kumbuyo kwa siketi ya azakhali ake, mkodzo uli chuchuchu m'miyendo.

"Azakhali, chinthu! Chichotseni chinthu!"

Mlamuyo sanali munthu woipa, tisamunamizire. Anangoti, "Mlamu, musandimve molakwika. Mwanayu akamakuonani agona bwanji? Pitani mukayambe mwakhazikika. Mwana sathawa, ali pompano."

Mayiyo anatuluka pageti ndi kathumba ka mankhwala basi, osacheuka, poopa kuti akacheuka mwana akuwanso.

Ntchito anaifuna mpaka zidendene zinang'ambika. Kusitolo anati makasitomala athawa. Kumalo odyera anati anthu sameza. Mayi wina wolemera anamupempherera pageti pemphero lalitali lokoma, atati amen n'kutseka getilo.

Amene anamulandira ndi a holo ya kanema yakalekale, ya mipando yong'ambika ndi fungo la nsapato. Mwini wake anati, "Muno ndi mumdima, mayi. Nkhope sitiiona, timangoona ngati pansi pasesedwa." Oonera anamupatsa dzina loti Chipsera, ndipo linamumatirira kuposa chingamu chimene ankapala kunsi kwa mipando.

Woyendetsa makina oonetsera anali bambo wadazi, wamimba, amene aliyense ankangoti a Makina. Mkazi anawathawa, mano akutsogolo anawathawa, koma mafilimu oopsa sanawathawe. Holo ikakhala yopanda anthu masana, ankaika akalekale aja n'kufuula, "Mlongo, siyani tsachelo, bwerani mudzaone abale anu!"

"Ngati amenewo ndi abale anga," anayankha mayiyo, "ndiye inu ndi mimba imeneyo abale anu ali kudambo akulira mvula."

A Makina anaseka mpaka kutsokomola. Mayiyo nayenso anaseka, koyamba chichokere pamoto, ndipo tsaya linamuwawa poti linali litaiwala ntchito imeneyo.

Pa mpando wina wakumbuyo m'holomo ndi pamene anaphunzira mbiri yonse ya mantha. Anaona mafilimu oyambirira, opanda mawu, akuda ndi oyera, mmene mzukwa unali mthunzi chabe wokwera khoma ndi zala zazitali. A Makina ankati nthawi imeneyo munthu ankakhala pambali n'kumaimba limba kuti anthu adziwe poyambira kunjenjemera. Kenako mawu anabwera, ndiye zitseko zinayamba kulira ndipo akazi a m'filimu anapeza ntchito yokuwa. Kunabwera zilombo za nkhope zosoka ngati thumba, ndi a mano atali okonda khosi la mnzawo. Dziko litayamba kuopa mabomba, zilombo nazo zinakula n'kumaponda mizinda ngati makatoni. Mafilimu atakhala ndi mitundu, magazi anayamba kuthiridwa ndi ndowa. Patapita nthawi opanga aja anachenjera. Anaona kuti munthu saopa kwenikweni chilombo cha m'phanga, amaopa mnansi womwetulira amene ali ndi kiyi wa nyumba yake.

"Koma a Makina," anafunsa mayiyo tsiku lina, "bwanji m'akalewa wankhope yoonongeka ndiye amakhala wakupha?"

"Ulesi, mlongo. Nkhope imaoneka msanga pa kamera. Amene anandibera mkazi ine anali wokongola ngati wa pa kalendala."

Nthawi yonseyi mwana sanamuiwale. Ankadzifunda nsalu kumutu n'kukaima kutsidya kwa msewu, kuseri kwa mtengo wa magetsi, kuti aone Kanjiwa akupita kusukulu ndi chikwama chachikulu kuposa msana. Ankangoona, osaitana.

Ndiye kunatulukira mnyamata wina wa kamera yobwereka ndi chipewa choyang'ana kumbuyo. Filimu anali asanamalizepo, koma ankafuna kuti azimutchula a Dairekita. Atamuona mayiyo akusesa anaima chilili.

"Mayi, ine ndikufuna mzukwa. Ena ndiyenera kuwapaka, koma inu Mulungu anamaliza kale ntchito."

Mawu amenewo munthu akhoza kumenyedwa nawo tsache. Koma mayiyo anaganiza kuti, mwana wanga akamva kuti amayi ake ali mu filimu, mwina adzanyadira, mwina adzasuzumira ndi diso limodzi. Anavomera. Ntchito yake inali kuima pa zenera la nyumba yakugwa n'kumayang'ana, osalankhula kanthu.

Tsono anthu a mafilimu ali ndi khalidwe lawo. Filimu ikatha amatenga nkhope yoopsa kwambiri, kuikulitsa, kuiwonjezera utoto wobiriwira, n'kuimata paliponse podutsa anthu. Safunsa kuti podutsapo pamadutsa ndani. Anaimata pa mitengo ya magetsi, pa malo okwerera basi, ndi pa mpanda wa sukulu ya Kanjiwa, moyang'anizana ndi geti.

Ana si anthu achifundo, inu mukudziwa, munali ana. Anamuzungulira mwana uja n'kumaimba m'manja, "Amako awo! Amako awo!" Kanjiwa anakana sukulu, anakana chakudya, thupi linatentha.

Mlamu anafika ku holo chithunzi chong'amba chili m'manja, nachiponya pa zinyalala zimene mayiyo anali atasesa.

"Ine tsiku ndi tsiku ndimamuuza mwana kuti amayi ako ndi munthu, angopsa. Lero mwandisandutsa wabodza. Mwadzilemba nokha pakhoma kuti ndinu mzukwa. Musadzapondenso pakhomo panga."

Mayiyo anatenga ndowa ya madzi ndi mpeni wa m'khichini, nayamba kuyenda mtengo ndi mtengo, khoma ndi khoma, dzuwa likuswa mutu, akupala nkhope yake yomwe. Anthu ankaima n'kumaonerera mzukwa ukudzichotsa. Ena ankaseka. Iye ankangonyowetsa, kupala, kusuntha.

Filimu ija inayenda malonda, poti tsoka la wina ndi chisangalalo cha mnzake. A Dairekita anabweranso mano ali mbee, akufuna yachiwiri.

"Nkhope yangayi simudzaionanso pa kamera," anatero mayiyo. "Koma mizukwa ndikupangirani."

"Inu? Munaphunzira kuti?"

"Ndimadzuka nayo m'mawa uliwonse, achimwene. Inu chipsera mumachiona pa chithunzi. Ine ndimadziwa pamene chimakoka munthu akafuna kuseka."

Musaganize kuti zinangoyenda. Anayamba ndi thonje, guluu, mapepala ofewa ndi phula la makandulo, mutu wa a Makina ndiwo unali bolodi yophunzirirapo. Bala loyamba linaoneka ngati dzira lokazinga. Mphuno yoyamba imene anaumba inagwera mu tiyi wa wosewera amene anaivala, kamera ikujambula. Tsiku lina guluu anamuchulutsa, ndipo wosewera wina anapita kwawo wopanda nsidze, mkazi wake n'kumufunsa pakhomo kuti mukufuna ndani. A Dairekita anamuthamangitsa. Iye m'mawa mwake anabweranso ndi kabokosi kake, n'kukhala pa njerwa panja mpaka anamuitana okha.

Ankapempha a Makina kuimitsa filimu yakale pa nkhope ya chilombo, iye n'kuyandikira chinsalu mpaka mphuno kugunda, kufuna kuona pamene akale aja anabisa msoko. Anaphunzira kusakaniza magazi osauma msanga, kuumba mphira wopyapyala woti khungu lizipuma, kukalambitsa mtsikana ndi mizere ya pensulo. Zala zake zinazolowera mpaka zinkagwira ntchito iye akuganiza za mwana.

Zaka zinapita. Opanga mafilimu ena anayamba kumufunafuna. Anapeza chipinda chakechake cha galasi lalikulu lozunguliridwa ndi mababu, mashelefu odzaza mano, makutu ndi manja a mphira. Aja ankati Chipsera anayamba kunena kuti "mayi athu aluso," ngati kuti dzina lija linaperekedwa ndi mphepo. Ndipo akafuna kulemba kuti wankhope yopsa ndiye wakupha, iye ankatseka bokosi lake n'kuti, "Kafuneni wina. Wakupha muvekeni taye." Ankamumvera, poti wina wofanana naye kunalibe.

Koma ulemu sutcha munthu amayi. Yunifolomu ankagula, nsapato ankagula, n'kupereka kwa mlamu pageti, osalowa. Mano a mwana anaguluka n'kumera iye kulibe. Kanjiwa anatalika, anayamba kumanga tsitsi yekha, amayi ake akuonera kuseri kwa mtengo wa magetsi.

Dziko ndi lozungulira ngati mimba ya a Makina. Anzake a Kanjiwa aja, oimba m'manja aja, atakula anapenga ndi mafilimu oopsa. Atamva amene amapanga nkhopezo, anayamba kumunyengerera. "Iwe, tatiperekeze kwa amayi ako, tikaone." Anakana, anakana, mpaka anatopa nawo.

Anafika masana ena atavala yunifolomu, anzake awiri patsogolo, iye kumbuyo. Anaima pakhomo atagwira felemu ya chitseko ngati pansi pakuterera.

Pa mpando panakhala chilombo cha nsagwada yolendewera ndi diso lotuwa, chitangochoka pa kamera. Mayiyo anamuona mwana wake mu galasi. Sanatembenuke, poopa kumuthamangitsa. Anangopitiriza ntchito. Ananyika kansalu m'madzi ofunda, kupaka mafuta m'mbali mwa msoko, n'kuyamba kusenda pang'onopang'ono. Nsagwada inachoka. Diso linachoka. Chipumi chinachoka. Pansi pake panatuluka bambo wamasaya, thukuta lili kamukamu, amene mawu ake oyamba anali akuti, "Mayi, tiyi uja watsalako?"

Atsikana awiri aja anaseka mpaka kugwirana. Kanjiwa sanaseke. Analowa, nayandikira, maso ali pa galasi.

"Nanga yanuyo," anafunsa motsitsa mawu, "imachoka?"

"Ayi, mwanangu. Iyi sichoka."

"Imawawa?"

"Kukazizira. Ndi ndikaseka kwambiri. Koma zimenezo sizichitika kawirikawiri."

Mtsikanayo anachotsa maso pa galasi n'kuyang'ana nkhope yeniyeniyo. Anatukula dzanja, naika nsonga za zala pa tsaya lokwinyika lija, mopepuka ngati akuopa kulipsetsanso.

Bambo wa tiyi uja, amene sankadziwa kanthu, anafunsa akupukuta khosi, "Kodi mtsikanayu ndi wophunzira watsopano?"

Kanjiwa anamuyang'ana mokwiya, misozi ili m'masaya. "Ndi amayi anga awa. Simukuona kuti mbali iyi tikufanana?"

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera. Kanjiwa amakhalabe kwa azakhali ake amene anamulera, ndipo mayiyo sanalimbane nazo. Amabwera Loweruka, amatsuka maburashi, amadandaula kuti m'chipindamo mumanunkha guluu. Masiku ena amacheza, masiku ena amangokhala chete ngati anthu okumana pa basi. Zaka zimene mwana akanagona pamiyendo ya amayi ake zinapita, ndipo palibe luso lozibweza. Mayiyo amadziwa zimenezo. Mwana akatsanzika, amatseka chitseko, amazimitsa mababu a pa galasi, amalira pang'ono, kenako n'kukonzekera za mawa.

Ndiye inu amene muli ndi chipsera chanu, kaya chili pankhope kaya chili pamene malaya amabisa, ndimvereni. Anthu adzafuna kuchigula motchipa n'kuchimata pakhoma. Mukalakwitsa n'kuwapatsa, tengani ndowa mukapale, muyambirenso. Zimene zinakuwotchani mumazidziwa kuposa wina aliyense, ndiye zigwiritseni ntchito ndi manja anu. Amene mukumudikira mwina achedwa, mwina abwera atatalika kuposa inu. Akadzafika adzakupezeni muli pa ntchito, chitseko chili chotsegula. Mtima wanuwo musauponye kudzala, abale anga. Ugwireni, ngakhale ukuotcha m'manja.