Mbuzi Imene Bambo Anaiphimba ndi Katoni

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, m'ma 1970, tikukhala ku Oshawa, m'dziko la Canada, m'kanyumba ka lendi kozizira ngati firiji. Mayi anali namwino, bambo ankagwira ntchito mu ofesi ya fakitale ya magalimoto. Koma ku Dedza bambowo anali mphunzitsi, ndipo uphunzitsi, ndikuuzeni, sautsiya pabwalo la ndege. Kalasi yonse imene anaisiya kumudzi inasanduka ine ndekha. Ndinaona zakuda.

Loweruka lililonse tinkapita ku laibulale. Ndinkakukonda koopsa. Kunali kofunda, konunkhira mapepala ndi majasi onyowa, ndipo kunalibe mwana wondifunsa ngati kwathu mikango imagona pakhonde. Tsiku lina bambo anaona buku la ana lokhala ndi chidindo chagolide pachikuto. Atawerenga kuti linalandira mphoto ku Mangalande, nkhope yawo inawala.

"Buku ndi ili," anatero. "Chingerezi chenicheni, osati cholankhulira m'mphuno chimene ukutola kusukulu kwakoko."

Tsono bambo anali ndi lamulo lawo lochokera ku Dedza: mwana akamawerenga, chithunzi uzichiphimba, chifukwa ana ndi akathyali, amayang'ana chithunzi n'kumanamizira kuti akuwerenga. Kumudzi ankaphimba ndi chikhatho. Ku Canada anatukuka, anadula katoni ya konifuleki, chakudya chathu cham'mawa. Madzulo amenewo tinakhala patebulo, iwo katoni m'manja, ine chala pamawu.

Mawuwo anali ochepa momvetsa chisoni, tsamba lililonse mzere umodzi. Bambo wina wa jasi lalitali ankapita kukacheza kwa azakhali ake. Kunja kunacha bwino. Njira inali yabata. Panjira sipanachitike kanthu.

Vuto linali lakuti ine ndinali nditasuzumira kale m'basi pobwera. Ndinkadziwa zimene zinali pansi pa katoniyo. Kumbuyo kwa bambo wajasiyo kunkabwera mbuzi, ndipo tsamba lililonse inkam'dya pang'onopang'ono: mpendero wa jasi, kenako thumba, kenako buluku lonse lakumbuyo, mpaka kabudula wamkati wa madontho ofiira anaonekera, mwini wake akuyenda monyadira mphuno m'mwamba. Nditafika pa mawu akuti sipanachitike kanthu, ndinayesa kudzigwira, koma phwete!

"Chikukuseketsa n'chiyani, Tadala?"

"Daddy, the goat!" Masiku amenewo iwo ankandilankhula Chichewa, ine n'kumayankha Chingerezi.

"Mbuzi? Ndionetse pamene alemba kuti mbuzi."

Ndinafufuza. Panalibe.

"Ndiye kuti ukuseka ine."

Ayi ndithu, sindinkaseka iwo, koma kuseka kukakugwira sikumva kuti mlandu wakula. Chigamulo chinagwa pomwepo. Loweruka tikabweza bukulo, akawauza a ku laibulale kuti mphoto yawoyo ndi yachinyengo, ndipo khadi langa lobwerekera mabuku alibweza. Ndiziwerenga mabuku akale a sukulu amene anabwera nawo m'sutikesi, onunkha mankhwala a njenjete. Ndinalira mpaka mamina.

"Abambo a Tadala," anatero mayi akusita yunifolomu yawo, "bwanji osangoyang'ana chithunzicho kamodzi?"

"Ana onse a ku Dedza ndinawaphunzitsa popanda zithunzi. Ena lero ndi makalaliki."

Mayi anangoti, "Chabwino, aphunzitsi," n'kupitiriza kusita.

Loweruka bambo anavala suti ndi tayi, monga munthu wopita kubwalo la milandu. Ine ndinkabwera m'mbuyo, khadi langa lili m'thumba mwawo. Tinafika nthawi imene mayi woyang'anira chipinda cha ana ankawerengera ana nkhani, onse atakhala pakapeti. Bambo anatsokomola kuti ayambe mawu amene anakonzekera mlungu wonse. Mayiyo atangoona bukulo anasangalala, anati ndi limene anawo ankalidikira, analitenga m'manja mwawo n'kuwathokoza. Bambo anatsala kukamwa kuli yasa. Pokhala munthu waulemu, anaima kumbuyo, chipewa m'manja, kudikira kuti amalize.

Mayiyo anakweza bukulo m'mwamba, zithunzi poyera, popanda katoni. Ine sindinkayang'ana buku, ndinkayang'ana ndevu za bambo. Patsamba loyamba zinali zii. Mbuzi itatulukira, zinagwedera pang'ono. Itadya thumba, bambo anayang'ana kudenga ngati akupemphera. Koma kabudula wa madontho uja ataonekera, mayiyo n'kuwerenga ndi mawu odekha kuti panjira sipanachitike kanthu, zinawakanika.

"Mayo ine! Mbuzi imeneyi ndi ya kwathu!" anafuula m'Chichewa, m'laibulale ya azungu, mmene ngakhale kuyetsemula ankakuyang'ana. Anaseka mpaka kugwira shelefu, misozi ili chuchuchu. Ana onse anatembenuka, n'kuyamba kuseka iwowo m'malo mwa mbuzi. Chibwerere ku Canada ndinali ndisanawaonepo akuseka chotero.

Nkhani itatha bambo anafunsa mwaulemu za chidindo chija. Mayiyo anati mphotoyo sinali ya mawu ayi, inali ya amene anajambula zithunzi, ndipo anawaonetsa shelefu ya mabuku ena otero, akale ndi atsopano. Tili pamalo odikirira basi, bambo anatulutsa khadi langa n'kundipatsa osandiyang'ana.

"Ndiye kuti tsiku lija ndinkaphimba mphoto ndi konifuleki," anatero. "Amayi ako usakawauze."

Ndinakawauza tisanavule n'komwe nsapato.

Kuyambira pamenepo tinawerenga shelefu yonseyo, ndipo asanandilole kuyamba mawu, bambo ankati, "Taima kaye, tione zimene sakunena." Zinanditengera zaka kuti ndimvetse chifukwa chimene anaganizira kuti ndinkaseka iwo. Kuntchito anthu ankawabwerezetsa mawu kawiri katatu, ati sakumva Chingerezi chawo, munthu amene kwawo mudzi wonse unkamutcha aphunzitsi. Chisanu ndi kusungulumwa zinkawadya jasi kumbuyo, koma aliyense wowafunsa ankamuyankha kuti, "Ndili bwino, palibe vuto."

Lero bambo ndi okalamba, ndimakhala nawo ku Brampton, konkuno ku Canada. Ndikawafunsa kuti adzuka bwanji, yankho ndi lomwelo. Ine sindikhutira nalo. Ndimayang'ana mbale ngati adyadi, ndimayang'ana mmene akupondera mwendo wakumanzere, nthawi zina mpaka kuwazungulira. Iwo amangondiyang'ana cham'mbali.

"Ukufuna mbuzi eti?"

"Eya, bambo," ndimatero. "Chotsani katoniyo."