Tsiku la kumsika wa nsomba ku Bergen

Ndikukumbukira mvula ya ku Bergen, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ku Norway. Sinali ngati ya kwathu ku Nancholi, yobwera ndi mabingu n'kusiya msewu uli matope okhaokha. Iyi inkangowaza mwakachetechete tsiku lonse, ngati chiperoni chosafuna kuchoka.

Ndinali mu Sitandade 6. Amayi, omwe anali namwino, anali kumeneko pa maphunziro, ndipo pa holide ndinapita kukawaona pamodzi ndi mnzawo wina wa kuntchito. Abambo anatsala ndi mng'ono wanga Chisomo.

Loweruka lina a Solveig, mayi wachikulire wa pachipatala pomwe amayi ankaphunzira, anatitenga kukationetsa mzinda. Tinayenda padoko, pomwe pali nyumba zamatabwa zopaka utoto wofiira ndi wachikasu, zopendekeka ngati zatopa kuima. Kenako tinakwera kasitima kokokedwa ndi chingwe mpaka pamwamba pa phiri. Kuchokera pamenepo nyanja inkaoneka yotuwa ngati lata, italowerera mpaka m'kati mwa tauni. M'misewu munalibe fumbi, munalibenso woitanira minibasi. Ndinafunsa amayi ngati kunali maliro.

Titatsika tinalowa mumsika wa nsomba. Sunkanunkha ngati wa ku Limbe, munkangomveka mchere ndi kuzizira. A Solveig anagula buledi woikapo nsomba yofiira yodula mopyapyala, yosaphika, yongofukiza utsi, komanso mulu wa tizilombo ta m'nyanja tokhala ngati ziwala zopanda mapiko. Amayi anandiponda phazi kunsi kwa tebulo.

"Udye. Usandichititse manyazi."

Tizilomboto ndinatikonda, poti ziwala ndinkadya kale kwathu. Koma nsomba ija inali yozizira, yonona, yoterera. Ndinkangomeza osatafuna, maso ali gwa pa mbalame zoyera zimene zinkalimbirana nyenyeswa pansi.

Ndili pakati pa nkhondo imeneyo, a Solveig anandifunsa m'Chingerezi chapang'onopang'ono ngati ndingakonde kumaphunzira sukulu kumeneko, chifukwa chipatala chinkafuna kuwalemba amayi ntchito yokhazikika. Nkhaniyi ndinkaimva koyamba. Amayi anasiya kudya, n'kumangoyang'ana maboti.

"Nanga adadi ndi Chisomo abwera?" ndinawafunsa m'Chichewa.

"Osati pompano. Mwina pakapita zaka."

Ndinauza a Solveig kuti sukulu yanga ili ku Blantyre. Anagwedeza mutu, nandigulira banzi lotentha la sinamoni, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Maphunziro atatha amayi anabwerera kumudzi. Ntchito ija anaikana. Anayambiranso pa wodi yawo yakale, kulimbirana minibasi m'mawa uliwonse. Ngati yankho langa linali ndi gawo pa chisankhocho, sanandiuze, nanenso sindinafunse.

Zinthu zinasintha. Kalelo kuti amayi alankhule ndi abambo ankachita kupangana tsiku, abambo n'kukadikira foni kuofesi kwawo ku Mandala. Lero munthu ali kutsidya kwa nyanja umamuona nkhope pafoni uku ukutsuka mbale. Mwana wanga Tadala wamaliza maphunziro a unamwino, ndipo wapeza ntchito kunja. Posachedwapa tinapita ku Chigumula, komwe amayi amakhala chipumireni ntchito, kukawauza. Tinawapeza akupalira chimanga kuseri kwa nyumba. Anamvetsera osasiya khasu, kenako anaweramuka n'kundiloza ine.

"Apite. Koma uyu asamufunse maganizo."