Zilumba Zimene Ndinalonjeza Luziya

Ndinaganiza zochoka ku Mualadzi tsiku limene a Mateyu, katekista wa pakapela yathu, anabwera ndi kabuku kawo kudzalemba maina a ofuna kudalitsa ukwati. Ine ndi Luziya tinali titakhala limodzi zaka zitatu. Ankhoswe ankadziwa, nyumba ndinali nditamanga kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo, ndipo mwana wathu Tereza anali atayamba kuyenda. Chotsala chinali kukaima pamaso pa a Padiri basi. A Mateyu anati sipafunika zambiri: mphete ziwiri, ngakhale zawaya, mboni ziwiri, ndi kubwera kumaphunziro Loweruka lililonse kwa miyezi itatu.

Ine ndinaseka. Masiku amenewo ndinkagulitsa kaunjika pamsika wa ku Chifunde, ndipo munthu wobwera kudzangofunsa mtengo wa malaya ankachoka atanyamula ndi buluku lomwe, akundithokoza. Munthu wotereyu n'kumanga ukwati wa mphete zawaya? Ndinali nditaona pa telefoni ya mnzanga wochokera kunyanja zithunzi za azungu ongokwatirana kumene, atakhala pamchenga woyera. Iye anati ulendo wotere amautcha luwa-de-melu, ndipo anthu amapita pachilumba kukangokhala, osagwira ntchito iliyonse.

"Musatilembe kaye, a Mateyu," ndinatero. "Ndikufuna ukwati woti mbiri yake ikafike ku Nsadzo. Tikadzatuluka m'kapela, Luziya ndidzapita naye pachilumba."

"Chilumba chake chiti, a Banda?"

"Ndikasankha ndikafika."

Luziya anali akutong'ola chimanga m'lichero ndipo sanadzutse mutu. Anangofunsa kuti, "Chaka chimodzi?" Ndinayankha kuti, "Chimodzi, Naphiri." Ndinkadziwa, monga Mkatolika aliyense, kuti anthu okhala limodzi asanadalitse ukwati salandira Ukaristia. Kwa ine kanali kanthu kochepa, popeza m'kapela ndinkalowa mochedwa n'kutuluka msanga.

Ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka ku Tete, n'kuwoloka Zambezi, n'kuyenda masiku awiri kulowera kummwera mpaka ku Vilankulo. Nditaona nyanja ndinakhala pansi. Madzi onse amene ndinawadziwa chibadwire anali ndi tsidya, koma awa analibe. Ndinayamba ndi kugulitsa zigoba ndi zitenje pamchenga. Chitswa cha eni dera ndinachiphunzira kuyambira pa mitengo ya zinthu, Chingerezinso chimodzimodzi, moti mpaka lero ndimatha kukutsitsirani mtengo m'zilankhulo zinayi koma kupepesa ndimatha m'chimodzi chokha. Kenako mkulu wina dzina lake Amadi, mwini ngalawa yathanga, anandiona ndikugulitsa chipewa kwa mzungu amene anali atavala kale chipewa. Anandiitana. Ntchito yanga inakhala kuima pamchenga ndi pepala la zithunzi, n'kumathandiza ongokwatirana kumene kusankha chilumba.

Zilumba zimene tinkapititsako anthu zinali zinayi. Bazaruto n'chachikulu, chili ndi mapiri amchenga ndi matamanda okhala ndi ng'ona. Benguerra n'chachete, mchenga wake ngati ufa woyera, ndipo mitengo ya malo ogona kumeneko ndinkaitchula motsitsa mawu ngati uthenga wa maliro. Magaruque n'chapafupi, ukangoviika nkhope m'madzi umaona nsomba zamawangamawanga. Santa Carolina n'chakutali, chili ndi hotela yakale yopanda zitseko. Ndinkasankhira anthu poyang'ana nsapato ndi maso awo. Mwamuna akamayang'ana mkazi wake ndisanatchule mtengo, ameneyo wa Benguerra. Akamayang'ana kumbali, wa Magaruque. Mkazi akafunsa za mafunde, ndinkalumbira kuti nyanja lero yagona ngati mphasa. Ine mwini ndinakwera ngalawayo maulendo owerengeka, ulendo uliwonse ndikusanza, ndipo tikafika ndinkatsala m'mphepete kulondera nsapato za alendo. Palibe chilumba chimene ndinagonapo.

Ndalama ndinkatumiza pa telefoni mwezi ndi mwezi, pa zimenezo palibe angandinene. Kwathu mawu a telefoni amamveka ukakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, choncho Luziya ankakwera pamenepo Lolemba lililonse. Ndinkamutumiziranso mapepala okongola a zilumba kudzera kwa oyendetsa magalimoto.

"Mwaona la Benguerra lija, Naphiri? Mwasankha chiti?"

"Chimene mwaona inu, bambo a Tereza. A Mateyu akulembanso maina mwezi wamawa."

Ndinkayankha mbali yoyamba yokha. Chaka choyamba ndinasankha Bazaruto, koma ndinamva kuti nyengo yamvula mitengo imatsika, ndinadikira. Mvula itabwera, mphepo inasasula madenga. Chaka china ndinatsala pang'ono kugwirizana ndi mlonda wa ku Benguerra za malo ogona, koma iye anachotsedwa ntchito. Kunabwera mliri uja, alendo anasowa, tinadya zimene tinasunga. Koma ndisanamizire mphepo kapena mliri. Vuto linali langa: sinditha kugula chinthu lero ndikuganiza kuti mawa chitsika. Matenda amenewa anandidyetsa pamsika, ndiye sindinkawaona kuti ndi matenda.

Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, momwe munkalowa mphasa ndi ine. Usana wonse ndinkajambula anthu okondana ndi matelefoni awo, ndikuwauza kuti, "Yandikanani, gwiranani manja, sekani." Ndajambula maukwati a eni ake osawerengeka. Lamulungu linali tsiku la malonda kwambiri, kotero belu la gereja loitanira ku Misa ndinkalimva ndili pakati ponenerera. Kunali mayi wina wogulitsa nkhanu amene ndinkadya kwake, ndipo sindinama kuti kunali kudya kokha. Kumudzi ndinabwera kawiri pa zaka zonsezo, masiku asanu asanu, ndipo maulendo onse awiri ndinanyamuka Loweruka kuti ndisaphonye shapa.

Chaka chachisanu ndi chitatu, pachulu paja panakwera Tereza. Mawu ake sindinawazindikire. Anati, "Ababa, a Padiri akubwera tikamakolola. Ndilandira Ukaristia woyamba. Mubwera?" Sabata yomweyo n'kuti nditapeza chimene ndinachisaka zaka zonse. Amadi anavomera kutiwolotsa ine ndi Luziya ulere kupita ku Magaruque, ndipo wophika wina kumeneko analonjeza kutibwereka chipinda chake masiku awiri, alendo a nyengo yozizira asanachuluke. Sindinagonepo mtima uli m'malo ngati sabata imeneyo. Amadi anandichenjeza kuti, "Masabata awiri, Banda. Ukapitirira, malo ako pamchenga ndipatsa wina. Ofuna alipo ambiri."

Ndinafika pa njinga yamoto Loweruka masana, chimanga chili mbwee m'minda. Tereza anagwada patali n'kundipatsa moni wa alendo. M'manja anali ndi kabuku ka katekisimu, ndipo chikuto chake chinali pepala langa la Benguerra, lopindidwa bwino m'makona. Mitengo ya kokonati inali chadodolido. Luziya anandilandira chikwama, anandipatsa madzi osamba, anandifunsa za ulendo. Ndinayala nkhani yanga yonse monga ndinkachitira pamchenga, ngalawa, nsomba, chipinda, osalipira kanthu. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusita diresi loyera la Tereza ndi nsalu za paguwa, poti ochapa nsaluzo anali iye. Kenako anati, "Mawa Misa iyamba mamawa. Musachedwe."

Sindinachedwe. Ndinakhala kumbali ya amuna, pafupi ndi a Mateyu, amene tsopano anali ndi imvi. Ndinayang'ana kumbali ya amayi n'kumuona Luziya kumapeto kwenikweni kwa benchi, phewa litatsamira khoma. Nyimbo ankayambitsa ndi iye. Nthawi yolandira itakwana, ana ovala zoyera anandanda, ndipo kumbuyo kwa mwana aliyense kunaima mayi ake kapena bambo ake, kuti mwana akalandira kholo lilandirenso. Kumbuyo kwa Tereza kunaima akazi a a Mateyu. Benchi lonse la amayi linadzuka n'kupita. Luziya anatsala yekha, akuimba, maso ali pa manja ake. Tereza atalandira anatembenuka kufuna mayi ake, ndipo mayi akewo anamumwetulira osasiya nyimbo.

A Mateyu anandinong'oneza kuti, "Malo awo ndi amenewo. Kale ankakhala pakati, ndiye Misa iliyonse anthu ankachita kuwapempha njira. Anasamukira kukhoma kuti asamavutitse anzawo." Ndinayang'anitsitsa. Pakhoma, pamene phewa lake linkatsamira, laimu anali atafufutika, patatsala banga losalala.

Misa itatha ndinawakokera a Mateyu pansi pa mtengo wa mango, n'kuyamba ntchito imene ndimaidziwa. Ndinati miyezi itatu yachuluka, tiichepetse ikhale masabata awiri. Anakana. Ndinati maphunzirowo ndiwachitira pa telefoni ndili kunyanja. Anakana. Ndinayang'ana denga la kapela n'kunena kuti malata awa atha, munthu wina wamtima wabwino akhoza kuganizapo.

"A Banda, pano si pamsika," anatero. "Maloweruka khumi ndi awiri, nonse awiri, mutakhala pabenchi. Kenako tilengeza maina anu katatu. Ndi zomwe zija ndinakuuzani kale. Sizinakwere, sizinatsike."

Ndinachita chimene sichinandilepherepo pamalonda: ndinatembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, kudikira kuti andiitane. Ndinayenda mpaka pachitsime. Nditacheuka, a Mateyu anali akukwera njinga yawo.

Mawa lake ndinatsatira Luziya kumunda. Tinkathyola chimanga, iye mzere wake, ine wanga, ndipo manja anga ozolowera mapepala anachekeka msanga. Ndinamuuza nzeru imene ndinagona nayo: tipite kaye ku Magaruque mwayi usanapite, ine nditsale kumeneko nyengo ya alendo, maphunziro tidzayambe chaka chamawa.

Anaponya chimanga pamulu. "Zaka zisanu ndi zitatu mwakhala mukundifunsa chilumba. Simunandifunsepo kuti Lamulungu ndimakhala pati."

"Ndimafuna kukupatsani chinthu chabwino, Naphiri."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinadikira." Anapukuta manja pachitenje. "Chaka chachitatu a Padiri anandiitana. Anati ngati mwamunayo anapita, uzani ankhoswe kuti banja latha, mulape, Lamulungu lotsatira mulandira. Mkazi wokhala yekha saletsedwa. Chaka chilichonse malume amandifunsa ngati ndakonzeka kunena mawu amenewo. Ndimati ayi, bambo a Tereza akusankha chilumba."

Ndinathyola chimanga china n'kuchiponya pamulu.

"Dzulo mwana wanga wandifunafuna ndi maso," anapitiriza. "Sindifuna zichitikenso. Ngati mukupita, pitani, sindikukwiyirani. Koma mukakwera shapa, ine ndipita kwa malume."

Ananena mofatsa ngati akundiuza kuti mvula ikubwera, n'kubwerera pamzere wake. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti kumudzi kuli ngati katundu amene ndamuika pambali, woti ndidzamupeza mmene ndinamusiyira ndikadzapeza mtengo wabwino. Sindinkadziwa kuti Misa iliyonse wina ankandilipirira, pamaso pa mudzi wonse.

Masana omwewo ndinakwera pachulu. Pamwamba pake panali poterera chifukwa cha mapazi a anthu, ndipo ndinaganiza za Malolemba onse amene Luziya anaimapo. Ndinauza Amadi kuti malo anga apatse wina. Mkuluyo, poganiza kuti ndikunenerera, anati andipatsa masabata atatu. Kenako anati mwezi. Chibadwire sindinakanepo munthu amene akukweza yekha, koma tsiku limenelo ndinati, "Ayi, bambo, sindikugulitsa." Iye anati ngalawa ilipo, tsiku lililonse tidzabwere ndi Luziya.

Maloweruka onse khumi ndi awiri ndinakhala pabenchi pakati pa anyamata amene ndinawasiya akusewera mpira wamapepala. Ankanditcha agogo a kalasi. Kulapa kwanga kunatenga nthawi yaitali moti a Padiri anasintha kakhalidwe kawiri. Mphete tinagula pamsika wa ku Chifunde, ndipo wogulitsayo, amene ankandidziwa kale, anadabwa nditapereka mtengo woyamba umene anatchula. Anandifunsa ngati ndikudwala. Tinadalitsa ukwati pamodzi ndi mabanja ena asanu, ndipo mbiri yake sinafike ku Nsadzo.

Ndabwerera ku kaunjika. Zimene ndimapeza n'zochepa poyerekeza ndi za kunyanja, ndipo nthawi zina ndikamva mphepo m'mapesi ndimakumbuka mafunde. Za chilumba sitinasankhebe. Tereza akuti Magaruque chifukwa cha nsomba. Luziya akuti ngati n'kupita tidzapite cha ng'ona chija, poti ng'ona yokha ndi imene akuidziwa pa zonse zimene ndinamuuza.

A Padiri atabweranso patapita mwezi, Luziya anakakhala malo ake akale, kukhoma, chifukwa cha chizolowezi. Nthawi yolandira itakwana anasiya nyimbo n'kuimirira. Amayi a pabenchilo anali asanadzuke, choncho anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Zikomo, ndidutse nawo." Benchi lonse linaimirira.