Chaka Chimene Tinatsika Ligi

Maganizowo ndinabweretsa ndine, ndipo amandiwawa mpaka lero. Ndinali mphunzitsi wa zamasewero pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Chintheche, nditangobwera kuchokera kwathu ku Dedza, matipate atangoyamba. Pamsonkhano wa aphunzitsi a m'dera lathu ndinanena kuti mpira wa masukulu wasanduka chibwana, amphamvu akungothibula ofooka. Ndinati tigawe ligi pawiri: wothera kumchira m'gulu lapamwamba azitsika, wopambana m'gulu lapansi azikwera. Anandiombera m'manja, n'kundipatsa ntchito yolemba ndandanda wa masewero. Ndinadzimva kuti ndine munthu.

Ndandandawo ndinalemba ndikuyang'ana kalendala ya sukulu basi. Mwana wa kumapiri ine, sindinkadziwa kuti usipa amapha mwezi ukakhala kumdima, ndi kuti masiku amenewo theka la timu yanga limachezera panyanja kukoka khoka ndi makolo awo. Masewero athu awiri omaliza anagwera kumdima, onse ndi masukulu ogonera komweko, kumene ana amagona tulo tokwanira.

Goloboyi wathu anali wa Fomu 3, wamtali, wosakonda kalasi. Ankapirira sukulu chifukwa masewero a gulu lapamwamba ankachitikira pabwalo la Chintheche, pamene anthu a matimu a ku Mzuzu ankabwera nthawi zina kudzasaka osewera. Ankanditchula Asambizi, mmene amaitanira aphunzitsi kumeneko. Tsiku lina anandiuza mosabisa kuti, “Asambizi, ine chikundisunga pano ndi mpira. Tikatsika, adzationa ndani?”

Masewero oyamba mwa awiri aja tinagonja. Loweruka lomaliza tinkangofunika kufanana mphamvu kuti tisatsike. Iye anafika maso ali psuu, akununkha usipa. Anagwira mipira yonse yovuta, koma chakumapeto kampira kofooka, koti ngakhale mwana n'kugwira, kanamudutsa pakati pa miyendo. Basi, tinatsika. Ndinamulalatira pamaso pa anthu kuti ndi waulesi. Munthu wosagona masiku anayi ndinamutcha waulesi, ndipo manyazi ake sanandichoke.

Nditadziwa za mweziwo ndinapempha pamsonkhano kuti tibwereze masewerowo. Mphunzitsi wina wachikulire wakonko anandiwerengera lamulo langa lomwe, pang'onopang'ono. Kenako anati, “Ife tinkaganiza kuti mukudziwa, popeza munabwera ndi nzeru zambiri.”

Teremu yotsatira goloboyi sanabwerere kusukulu. Ndinakamupeza ku Bandawe masana ena akusoka ukonde pamchenga, atavala jeresi yake yachikasu ya pagolo. Anandipatsa moni mwaulemu n'kufunsa za timu. Ndinamulonjeza kuti tikwera, angobwerera. Anadula ulusi ndi mano, osandiyang'ana.

“Asambizi, mukamalemba ndandanda muzifunsa kaye mwezi.”

Tinakweradi patapita zaka ziwiri, koma pagolo panali wina.