Nyimbo ya ada anga mu minibasi ya ku Mzuzu

Anzanga, Paston ndinakumana naye tsiku limene ndinkaganiza kuti ndifa.

Tinkatsika kuchokera ku Mzuzu, mvula ikukhuthuka, mabuleki a minibasi akununkha ngati mphira wopsa. Msewu umenewu ndimauopa koopsa, chifukwa ndi umene unapha ada anga, bambo wondibala, ndili Fomu 2.

Ndinayamba kuimba chapansipansi kanyimbo ka Chitonga kamene ada anapeka okha akusoka maukonde, konena za bwato lobwerera kwawo mwera ukuwomba.

Mwadzidzidzi kumbuyo kwanga wina anaikapo besi. Mawu sankawadziwa, ankangotsatira. Amayi ena a dengu la chinangwa analowerera, kenako minibasi yonse, ndi kondakitala yemwe! Anthu osadziwana, koma tinafika pa boma tikugwirana manja ngati a kwaya imodzi.

"Mlongo, mawu amenewa mumawabisiranji?" anatero wa besi uja titatsika.

Anali Paston, wogulitsa usipa wouma ku Mzuzu.

Basi ndinagwa, anzanga. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tinkayenda kugombe la nyanja ku Mwaya, ine kumuuza zonse: za ngozi, za mantha anga, za ada. Vesi yoyamba anailoweza. Yachiwiri sindinamuphunzitse, imandiliza. Ndikakwera minibasi ankandiimbira foni n'kumandiimbira nyimboyo mpaka makona athe.

Patatha miyezi isanu, nesi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lusungu, ndi positive, uli ndi mimba."

Ndimakhala ndi asibweni, malume anga a Gordon, mkulu wa mpingo amene salola ngakhale mkazi kuvala buluku pakhomo pawo. Akamva popanda mwamuna wobwera kudzaonekera, ndilowera kuti? Ndinati nkhani ngati iyi si ya pafoni, ndipita ndikamuuze Paston maso ndi maso.

Kumsika ku Mzuzu sindinamupeze, foni osayankha. Ndinakwera yobwerera, mpando wakumbuyo kwenikweni, nditafunda chitenje kumutu chifukwa cha kuzizira. Itatsala pang'ono kunyamuka, ndinaona iye akulowa n'kukhala kutsogolo, pafupi ndi mtsikana wina wa chikwama cha kukoleji. Sindinamuitane, ndinangokokera chitenje kumaso.

Titayamba kutsika, mtsikana uja anagwira mpando mwamphamvu.

"Musaope mlongo," anatero Paston. "Ada anga anafera pamsewu uno. Anandisiyira kanyimbo, kamandilimbitsa mtima."

Ada ake? Ada ake ali moyo, amasoka nsapato pafupi ndi msika!

Anayamba kuimba nyimbo ya ada anga ija. Ndipo anthu analandira msangamsanga, ena mawu akuwadziwa kale. Kondakitala anaseka n'kuuza bambo amene anali pambali panga kuti achimwene awa nyimbo ndi yomweyi sabata iliyonse, amene amasintha ndi mtsikana yekha.

Msewu sindinkauonanso. Ndinkangoona nkhope ya asibweni, ndi ine nditanyamula chikwama osadziwa kolowera.

Vesi yoyamba itatha, iye anafuna kuibwereza. Ine ndinachotsa chitenje n'kuyamba yachiwiri, ndekha.

Anatembenuka... besi inathera pakhosi.

"Pitirizani achimwene," ndinatero. "Si ya ada anu?"

Tinafika pa boma. Iye anatsika msanga, dengu lake logulitsira usipa anachita kumukumbutsa kondakitala. Madzulo ndinamulembera za mimba. Anawerenga, kenako anandibloka.

Lero ndi sabata yachitatu. Asibweni sindinawauze, ndipo siketi ya kwaya yayamba kundithina. Ndikamva akutsokomola pakhonde mtima umachita kulumpha.

Anzanga, munthu wokuthandizani kuimba si ndiye kuti wamva chimene mukulira. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti mwanayu akadzabadwa n'kumalira, nyimbo imene ndimadziwa yomutonthozera ndi yomweyo.