Mkamwini Wosafunsa Apongozi

Haruna wa kabaza, wobadwira ku Nselema koma wokwatira chikamwini kwa Nsamala ku Balaka, matenda ake ndi ulemu. Akangoona apongozi ake, Abiti Nasiru, akubwera m'njira, amalowa m'chinangwa ndi njinga yomwe, pasenjala ali pakaliyala. Ine anandigwetsapo, moti sindimuyamikira kwenikweni.

Tsiku lina Abiti Nasiru akuchokera kumsika, munthu wa chikwanje anawalanda foni ndi chikwama. Wakubayo anavala jekete lachikasu ngati la Haruna, lija linadzaza pakaunjika chaka chimenecho. Apolisi anam'tenga Haruna.

Kukhoti la majisitireti, mayiwo anapereka umboni atafulatira, nsalu ili kumaso. Atafunsidwa ngati ali ndi funso kwa mboniyo, Haruna anangogwada n'kuyang'ana pansi. Mkamwini afunse apongozi pagulu? Palibe anam'fotokozera kuti kukhala chete n'kudzikumbira dzenje. Anam'gamula zaka zisanu ndi ziwiri.

Mkazi wake Lukiya ndiye anavutika mpaka kupeza loya wothandiza osauka, n'kuchita apilo. Jaji wa Khoti Lalikulu anati mlanduwo sunayende bwino: munthu wopanda loya anayenera kuuzidwa bwinobwino za ufulu wake wofunsa mboni. Analamula kuti uzengedwenso.

"Mukagwadanso, ndende n'kwanu," loya anam'chenjeza.

Tsikulo Haruna anaimirira, thukuta kamukamu, maso ali kudenga. Ndinam'mvera chisoni, ngakhale bondo langa silinaiwale.

"Amayi, pepanitu. Wakubayo munamuona nkhope?"

"Ndinam'yang'anitsitsa," anayankha atafulatirabe.

"Nanga yangayi munaiyang'anapo?"

"Iyayi! Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire! Ine ndiyang'ane mkamwini kumaso? Ndinaleredwa ine!"

"Ndiye munadziwa bwanji kuti ndine?"

Mayiwo anakokera nsalu kumaso. Kuti anene zoti amaidziwa nkhope ya mkamwini, mudzi wonse unali pabenchi kumvetsera. Anasankha ulemu wawo.

"Jekete lija," anatero chapansipansi.

Khoti linamasula Haruna. Anakwera minibasi akuseka yekha ngati mwana, koma atafika kwa Nsamala anapeza zovala zake zili m'thumba pakhonde, Lukiya akulira m'nyumba. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu a apongozi.

"Muwauze bambowo kuti kundende tikanamawatumizira chakudya. Koma kundifunsa ine pagulu? Abwerere kwawo ku Nselema."